Yunivesite ya Zambia: sukulu imene anthu wamba anasonkhera

Munthu wocokera ku Tamanda kapena ku Chipata akamalowa mumzinda wa Lusaka pa mseu wa Great East, amaona nyumba zikuluzikulu ndi maiwe a madzi kudzanja lamanzere. Pamenepo ndi pa Yunivesite ya Zambia, imene ambiri amaichula kuti UNZA. Ambiri amaiona ngati malo a ophunzira okhaokha, koma mbiri yake ndi nchito zake zimakhudza ngakhale mlimi wa kumudzi.

Pamene Zambia inalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, nzika zakuda zimene zinali ndi madigiri zinali pafupifupi 100 cabe. Caka ca 1963, bungwe lotsogoleredwa ndi Sir John Lockwood linali litalangiza kuti dziko likhale ndi yunivesite yakeyake. Boma linapempha anthu kuti athandize, ndipo anthu a m'matauni ndi a m'midzi anasonkha ndalama, ena ziweto ndi zokolola. Lamulo lokhazikitsa sukuluyi linavomerezedwa mu 1965, ndipo maphunziro anayamba mu March 1966 ndi ophunzira 312 pa malo a Ridgeway. Dr Kenneth Kaunda ndiye anali Cansala woyamba.

Cigawo ca Kum'mawa cili ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Mu 1969, Pulofesa Lameck Goma, wobadwira ku Lundazi, anakhala nzika yoyamba ya Zambia kuyendetsa yunivesiteyi monga wociwiri kwa Cansala. A Goma anali katswiri wofufuza za udzudzu, ndipo maiwe aja amachedwa Goma Lakes powakumbukira.

M'kupita kwa zaka munatsegulidwa masukulu a udokotala, ulimi, migodi ndi uinjiniya. Sukulu ya madokotala a ziweto, yochedwa Samora Machel, inamangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la boma la Japan. Mu 1987 nthambi ya ku Kitwe inaima payokha ndi kukhala Yunivesite ya Copperbelt. Mu 1994 akatswiri a makompyuta a pa UNZA anayambitsa kampani ya Zamnet, imene inalumikiza Zambia ku intaneti pamene maiko ambiri a mu Africa anali asanalumikizidwe. Atsogoleri atatu a dziko lino, a Levy Mwanawasa, a Edgar Lungu ndi a Hakainde Hichilema, anaphunzira pa sukulu yomweyi.

Koma phindu la kafukufuku limaoneka bwino tikayang'ana kumudzi. Akatswiri a sukulu ya ziweto, mogwirizana ndi anzao a ku Belgium, akhala akufufuza m'maboma a Katete ndi Petauke za matenda a nkhumba amene anthu amawacha masese. Nkhumba yoyenda mwaufulu ikadya cimbudzi ca munthu amene ali ndi njoka ya m'mimba, mazira a njokayo amasanduka timatuza toyera m'nyama yake. Munthu akadya nyamayo yosapsa bwino, njoka imakula m'matumbo mwake. Coopsa kwambiri cimacitika pamene mazirawo alowa m'thupi la munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'cakudya. Timatuza tija tikhoza kukakhala mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu, matenda amene m'midzi yambiri ankati ndi ufiti. Cifukwa ca kafukufuku wotereyu, alangizi tsopano amatha kufotokoza cifukwa cake cimbudzi cokumba, khola la nkhumba, kusamba m'manja ndi kuphika nyama mpaka kupsa zimateteza banja lonse.

Sukulu yomweyi yafufuzanso za matenda a kaodzera, amene amafalitsidwa ndi ntchentche za tsetse m'cigwa ca Luangwa, mothandizana ndi Yunivesite ya Hokkaido ya ku Japan. Pamene mliri wa COVID-19 unafika mu 2020, labotale yake inali imodzi mwa zimene zinapima anthu.

Mavuto nawo sanasowe. Kucepa kwa ndalama, kusowa kwa malo ogona ophunzira ndi kucoka kwa aphunzitsi kupita ku maiko ena zabwezera nchito m'mbuyo nthawi zambiri, ndipo kangapo sukuluyi inatsekedwa cifukwa ca mikangano. Lero dziko lili ndi mayunivesite ambiri a boma ndi a anthu, koma ambiri mwa aphunzitsi ao anasulidwa pa UNZA. Akatswiri ofufuza amafunika ndalama zokwanira kuti zimene apeza zifike kwa anthu a m'midzi, amene makolo ao anapereka nkhuku ndi cimanga kuti sukuluyi imangidwe.