Nsaru ya Khadi: M'mene Cobvala Cinasandukira Cida ca Ndale

Akatswiri ofufuza za mabvalidwe amati cobvala cimaulula zinthu zitatu: amene anacipanga, amene anapindula pocigulitsa, ndi gulu limene wocibvalayo afuna kuwerengedwamo. Mbiri ya nsaru yochedwa khadi, ya ku India, itsimikiza mfundo imeneyi.

Kale anthu a ku India anali akatswiri oomba nsaru za thonje, ndipo nsaru zao zinkagulidwa kufikira ku Ulaya. Koma m'zaka za m'ma 1800 makina a ku Lancashire, ku Mangalande, anayamba kuomba nsaru zotsika mtengo, ndipo mu ulamuliro wa Angelezi nsaruzo zinadzaza misika ya India. Opota ndi oomba ambiri anasowa nchito. Zotere zinaonekanso ku cigwa ca Shire, kumene Livingstone mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuomba nsaru zao, luso limene linazilala zitacuruka nsaru za m'sitolo.

Mahatma Gandhi anazindikira kuti munthu wogula nsaru yakunja alemeretsa omwe amlamulira. Cifukwa cace anapempha anthu kuti azipota ulusi tsiku ndi tsiku, nazibvala khadi, ndiyo nsaru yopotedwa ndi kuombedwa pamanja. Mu 1921 milu ya nsaru zakunja inatenthedwa poyera ku Bombay. Caka comweco, ali ku Madurai, Gandhi anabvula malaya nayamba kubvala kansaru ka m'cuuno monga amphawi a dziko lace. Mu 1931 anapita ku London atabvala motero, ndi cofunda paphewa, naonana ndi Mfumu George V. Cipangizo copotera ulusi cinajambulidwanso pa mbendera ya cipani ca Congress. Motero munthu wosadziwa kuwerenga anakhoza kuzindikira maganizo a mnzace pongoyang'ana cobvala cace.

Komabe nkhaniyi siinali yosalala. Ofufuza monga Emma Tarlo, amene buku lace lochedwa Clothing Matters linaturuka mu 1996, asonyeza kuti ambiri anabvutika posankha. Khadi inali yokhakhala ndi yolemera, ndipo kawirikawiri mtengo wace unaposa wa nsaru ya pamakina. Akazi ena anaikana ikakhala yoyera, popeza pa mwambo wa Ahindu nsaru yoyera ndiyo ya akazi amasiye. Apa ndale zinawombana ndi mwambo, ndiponso ndi thumba la wosauka.

Mphunzitsi angagwiritse nchito njira yomweyi m'kalasi. Atenge citenje cimodzi, nafunse ana: thonje lace linalimidwa kuti? Anaomba ndani? Zojambulidwapo zitanthauzanji, ndipo cimabvalidwa pa maliro, pa ukwati kapena pa msonkhano? Mwana woyankha mafunso awa waphunzira za malonda, za mwambo ndi za ulamuliro kucokera pa cinthu cimene amaciona tsiku liri lonse pa thupi la amai ace.