Kutsitsa Handikapu: Mbiri, Masamu ndi Mwambo wa Gofu

Lero tikulowa m'bwalo la gofu, koma sitikutsata akatswiri otchuka amene timawaona pa kanema akulimbirana mamiliyoni. Tikutsata wosewera wamba: mphunzitsi, wamalonda, namwino, ngakhale bambo wopuma pantchito amene amanyamula thumba la ndodo Loweruka m'mamawa. Anthu otere akangomaliza kulonjerana, funso limakhala limodzi: "Handikapu yanu ndi ingati, achimwene?" Ndipo aliyense amalakalaka kuti chaka chamawa adzatchule nambala yocheperapo. Kodi nambala imeneyi idachokera kuti, imawerengedwa bwanji, nanga imatsika motani?

Tiyambire ku Scotland, kwawo kwa gofu amene tikumudziwa leroyu. M'chaka cha 1457, nyumba ya malamulo ya Mfumu James II idaletsa masewerawa chifukwa amuna ankataya nthawi kumenya kampira m'malo mophunzira kuponya mivi. Chiletsocho sichidaphule kanthu. Pofika 1744 osewera a ku Leith adalemba malamulo oyamba, 13 okha, ndipo mu 1764 bwalo la St Andrews lidachepetsa maenje ake kuchoka pa 22 kufika pa 18, chiwerengero chimene dziko lonse lidatengera.

Koma panali vuto limene malamulowo sadalithetse. Anthu awiri akagwirizana, wina katswiri wina wongoyamba, angapikisane bwanji mosangalatsa? Kale kwambiri, mu 1687, wophunzira za udokotala ku Edinburgh, Thomas Kincaid, adali atalemba kale m'buku lake za momwe wodziwa angapatsire mnzake mashoti aulere kuti mpikisano ukhale wofanana. Zinkangokhala zogwirizana pakamwa, aliyense ndi muyeso wake. Amene adaika dongosolo lenileni ndi mayi, Issette Pearson, mlembi woyamba wa bungwe la Ladies' Golf Union lomwe lidakhazikitsidwa mu 1893. Iye adalimbikira kuti handikapu ya munthu ikhale ndi tanthauzo limodzi pabwalo lililonse. Ku America bungwe la USGA lidayambitsa dongosolo lake mu 1911. Patadutsa zaka zoposa 100, mu 2020, mabungwe a R&A ndi USGA adalumikiza njira zisanu ndi imodzi zimene zinkagwiritsidwa ntchito m'maiko osiyanasiyana, n'kupanga imodzi yotchedwa World Handicap System.

Kuno kwathu gofu adabwera ndi Angerezi m'nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake mabwalo ambiri mumawapeza kumene kudali boma, malonda ndi minda ikuluikulu: ku Zomba, ku Blantyre, ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu, kuminda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, komanso kuminda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Lero amene akusewera m'mabwalowa ndi ife eni dziko, ndipo funso la handikapu lija lakhala lathu.

Tsopano timve masamu ake, pakuti wosadziwa kawerengedwe amatsitsa nambala mwa mwayi chabe. Dzenje lililonse lili ndi par, kutanthauza mashoti amene wosewera wodziwa ayenera kumenya kuti mpira ulowe: atatu, anayi kapena asanu. Mabwalo ambiri a maenje 18 amakwana par 72 kapena pafupi pomwepo. Mukapyola par ndi shoti imodzi, imeneyo ndi bogi. Munthu amene wamenya bogi padzenje lililonse amamaliza ndi 90, ndipo handikapu yake imakhala cha m'ma 18.

Pa dongosolo la 2020, mumayamba kukhala ndi handikapu mukapereka makhadi olembapo mashoti anu a maenje 54, ndipo nambala yokwera kwambiri ndi 54. Makhadi akachuluka, kompyuta imayang'ana 20 omalizira, n'kusankhapo 8 abwino kwambiri, n'kupeza pakatikati pake. Imaganiziranso kuvuta kwa bwalo, pamuyeso wochokera pa 55 kufika pa 155, pamene 113 ndiye bwalo lapakatikati. Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa: handikapu si chithunzi cha mmene mumasewerera masiku onse, ndi chithunzi cha masiku anu abwino. N'chifukwa chake wosewera wamba amafika pa handikapu yake kamodzi kokha pa maulendo anayi kapena asanu. Tsiku limene zakukanikani, musataye mtima. Khadi loipalo mwina silidzawerengedwa n'komwe.

Nanga mashoti amatayikira pati? Tiyeni tiime padzenje limodzi, la par 4, lotalika mamita 350. Kumanja kuli mitengo ya bulugama ndi udzu wofika m'mawondo, kutsogolo kwa green, malo a udzu wosalala ozungulira dzenje lolowamo mpira, kuli dzenje la mchenga. Wosewera wa handikapu 24 akusolola driver, ndodo yaitali kuposa zonse, chifukwa anzake akumuyang'ana. Wamenya ndi mphamvu zake zonse, mpira wakhotera kumanja, walowa m'tchire. Malamulo a kuyambira 2019 amamupatsa mphindi zitatu zokha zoufunafuna. Sudapezeke. Ayenera kumenyanso pomwe adayambira, ndi chilango cha shoti imodzi, ndiye kuti akumenya kachitatu asanasunthe phazi. Mtima uli phuluphulu, akufuna kubweza zonse nthawi imodzi, wachinayi wagwera mumchenga. Kawiri kuti atulukemo, katatu pa green. Pakhadi walemba 9.

Tibwerere pomwe adayambira, munthu yemweyo, manja omwewo. Ulendo uno watenga ndodo yofupikirapo imene amaidalira. Mpira wapita mamita 150, uli poyera. Wachiwiri mamita 130, dala osafika kumchenga. Wachitatu wakwera pa green. Kukankha kawiri, walowa. Walemba 5, bogi, ndipo palibe shoti ngakhale imodzi imene wina angaiombere m'manja. Kusiyana kwa 9 ndi 5 sikudachokere ku mphamvu kapena ku ndodo zodula. Kwachokera ku chisankho. Achite zimenezi pamaenje atatu kapena anayi okha, amene ankamaliza ndi 100 watsika kufika pansi pa 90.

Dongosolo lenilenilo limakuuzani zomwezi. Powerengera handikapu, dzenje limodzi silingapyole par kuonjezapo mashoti awiri ndi aulere amene mumalandira padzenjelo. Wa handikapu 18 pa par 4 sawerengeredwa zoposa 7. Ndi mmenenso ulili mpikisano wa Stableford, umene dokotala Frank Stableford adauyambitsa ku Wallasey mu 1932: par imapatsa mapointi awiri, bogi imodzi, ndipo dzenje likawonongeka mumangotola mpira n'kupita patsogolo. Maenje opanda pointi ndiwo mdani woyamba wa wosewera wamba.

Kwa zaka zambiri ankhalakale ankaphunzitsa kuti chinsinsi chonse chagona pa green. Mphunzitsi wa pa Columbia Business School ku New York, Mark Broadie, adasanthula mashoti miyandamiyanda n'kufalitsa zotsatira zake mu 2014 m'buku lotchedwa Every Shot Counts. Adapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kusiyana kwa wosewera wabwino ndi wofooka amachokera ku mashoti akutali, opyola mayadi 100, pamene kukankhira mpira m'dzenje kumatenga gawo lochepa, cha m'ma 15 pa 100. Choncho nthawi yophunzira igawidwe mwanzeru. Choyamba, mpira woyamba uzigwera posewereka. Chachiwiri, dziwani mtunda weniweni umene ndodo iliyonse imakupatsani pa tsiku wamba, osati ulendo umodzi uja umene mudamenya modabwitsa. Osewera ambiri amaperewera chifukwa amadzikuza pa mtunda. Ndipo polunjika, lunjikani pakati pa green, mbendera isakukopeni ikaikidwa m'mphepete mwa mchenga.

Pa green pamafunika kudzichepetsa. Dzenje ndi lotambalala mamilimita 108 okha, ndipo ngakhale akatswiri a PGA Tour amalowetsa theka lokha la mipira yochokera pa mamita awiri ndi theka. Inu ntchito yanu ndi kupewa kukankha katatu. Mpira woyamba ukhale ndi liwiro loyenera kuti uime pafupi, wachiwiri ungomalizitsa.

Nyengo yathu nayo ili ndi phunziro lake. Mu Okutobala nthaka imauma gwa, mpira umadumpha ndi kugubuduka kutali, ndiye ndi nzeru kuugwetsa msanga kuti uthamange wokha. Mu Januwale udzu ndi wautali, pansi mpofewa, mpira umaima pomwe wagwera, ndiye pamafunika ndodo yokulirapo. Zimenezi amene amazidziwa bwino ndi caddie, mnzathu wonyamula thumba uja, amene amayenda bwalolo tsiku ndi tsiku ndipo waona zolakwa zanu zonse. Mufunseni, ndipo mumvereni. Musaiwale kuti Francis Ouimet, amene adapambana US Open ya 1913 ali ndi zaka 20, kugonjetsa Harry Vardon ndi Ted Ray, adali wosewera wosalipidwa amene adaphunzira gofu akunyamula matumba a ena ku Brookline.

Chotsala ndi mwambo, ndipo ndicho chachikulu. Gofu wamba alibe woimbira pambali panu. Mumadziweruza nokha, mnzanu n'kusainira khadi lanu. Pa US Open ya 1925, Bobby Jones adaona mpira wake ukusuntha pang'ono mu udzu pamene ankakonzekera kumenya. Adadzipatsa yekha chilango cha shoti imodzi. Mapeto ake adafanana mphamvu ndi Willie Macfarlane, ndipo pobwereza adagonja. Masiku ano pali achinyengo a mitundu iwiri. Ena amabisa makhadi abwino kuti handikapu ikhale pamwamba, azikolola mphoto pa mipikisano. Ena amabisa oipa kuti azitchula nambala yaing'ono pagulu, kenako n'kumagonja sabata iliyonse. Onsewa nambala yawo ilibe chimene ikunena.

Ndiye inu omvera amene mukufuna kutsika, yambani Loweruka likubwerali. Kuseri kwa khadi lembani zinthu zitatu: mipira imene yatayika kapena kubweretsa chilango, maenje amene mwakankha katatu, ndi maenje amene mwapyola par ndi mashoti awiri kapena kuposerapo. Pakatha mwezi mudzaona nokha pamene pakudontha, ndipo mukapita kwa mphunzitsi wa gofu mudzamuuza vuto lenileni. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Perekani khadi lililonse, labwino ndi loipa lomwe, kuti nambala ikatsika ikhale yanudi.