OYILO AKAMACHUCHA PANSI PA SILINDA YA NJINGA YAMOTO

Alimi ambiri njinga yamoto ndiyo ngolo yawo. Imanyamula feteleza kuchokera kusitolo, mkaka wam'mawa ndi madengu a tomato opita kumsika. Ikafa nthawi yokolola, katundu amaonongekera pakhomo. Limodzi mwa mavuto amene amapha njinga pang'onopang'ono ndi oyilo wochucha patsinde pa silinda, amene eni njinga ambiri amangomupukuta n'kumapitiriza ulendo.

Gasiketi imeneyi ili pati?

Injini zambiri za njinga zazing'ono, monga Honda CG125, Yamaha AG200 ndi Bajaj Boxer, siziziziritsidwa ndi madzi koma mphepo. N'chifukwa chake silinda yake ili ndi zipsepse. Silindayi ili ndi magasiketi awiri: ina pamwamba, pamene imakumana ndi hedi, ndipo ina pansi, pamene imakhala pa bokosi la injini. Tikunena ya pansiyi.

Injini ikatentha zitsulo zimafufuma, ikazizira zimabwerera. Pakapita zaka gasiketi imauma n'kuyamba ming'alu, nawo manati amakhwefuka. Nthawi zina kapaipi kopumira injini kamatsekeka ndi matope, ndipo mpweya wosowa potulukira umakankhira oyilo panja.

Kuopsa kwake

Injini zotere zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, choncho madontho a tsiku ndi tsiku sachedwa kumutsitsa. Komanso oyilo akasakanikirana ndi fumbi amamata zipsepse, injini n'kumatentha kwambiri.

Pa injini za 2-stroke, zija zimatentha oyilo pamodzi ndi petulo monga Yamaha AG100, vutoli ndi lalikulu koposa. Gasiketi ikang'ambika injini imakoka mpweya wapadera, petulo amachepa, ndipo pisitoni ikhoza kugwira m'silinda muli pa ulendo. Chizindikiro chake n'chakuti injini imalira mokwera yokha kapena imachedwa kutsika mukasiya moto.

Yambani mwafufuza

Musathamangire kumasula injini. Oyilo amatsetsereka kuchokera pamwamba, ndiye amene mukumuona patsinde akhoza kukhala wochokera ku hedi kapena ku chivindikiro cha mavalavu. Injini itazizira, tsukani ndi palafini, iume bwino, kenaka wazani ufa pang'ono m'malo onse olumikizira. Lizani injini kwa mphindi zingapo. Pamene ufa wayamba kunyowa ndi pamene pali vuto.

Onaninso ngati kapaipi kopumira kali kotseguka ndiponso ngati simunathire oyilo wopyola mzere. Ngati manati akhwefuka, amangeni injini ili yozizira. Kuchucha kukapitirira, gasiketi yatha. Kumata sopo kapena guluu kunja n'kudzinamiza chabe.

Kasinthidwe kake

Gulani gasiketi ya pansi, ya hedi ndi timphira tozungulira ta mtundu wa injini yanuyo. Gwirirani ntchito pamalo opanda fumbi, mutayala thumba loyera poika zitsulo.

1. Chotsani thanki, ekizozi, kabuleta ndi pulagi. Zungulizani injini mpaka pisitoni ifike pamwamba penipeni molingana ndi chizindikiro cha taimingi.

2. Masulani manati a hedi pang'onopang'ono, mopingasa. Ngati injini yanu ili ndi tcheni cha taimingi, chimangeni ndi waya kuti chisagwere m'kati. CG125 ilibe tcheni chotere. Ili ndi timitengo tiwiri tachitsulo tokankha mavalavu.

3. Kwezani silinda molunjika. Ikakanirira, igogodeni ndi mtengo wofewa, osati hamala, chifukwa zipsepse sizichedwa kuthyoka. Ikangotukuka tsekani kukamwa kwa bokosi la injini ndi kansalu koyera.

4. Palani gasiketi yakale yonse mbali zonse ziwiri. Chitsulo cha bokosi ndi aluminiyamu, n'chofewa. Mukachikanda ndi sikuludiraiva, oyilo adzapeza njira ngakhale gasiketi ikhale yatsopano.

5. Bwezerani timachubu tachitsulo toongolera silinda, ikani timphira tatsopano pamene panali takale, kenaka yalani gasiketi. Onetsetsani kuti sinatseke bowo lililonse, pakuti pa injini zambiri oyilo wopita ku hedi amadzera pomwepo.

6. Pakani oyilo pa pisitoni ndi m'silinda. Finyani maling'i ndi zala pamene mnzanu akutsitsa silinda, osakakamiza. Pa 4-stroke mipata ya maling'i isayang'anizane. Pa 2-stroke mpata uliwonse ukhale pa kamsomali kake.

7. Ikani gasiketi ya hedi yatsopano ndipo mangani manati mopingasa, maulendo awiri kapena atatu, mpaka mlingo umene buku la njingayo likunena. Makaniko wodziwa ntchito amakhala ndi sipanala yoyezera mlingowu. Kumangitsa kumadula mabawuti kapena kudya mazinga.

8. Bwezerani taimingi, yezani mpata wa mavalavu, thirani oyilo watsopano, ndipo zungulizani injini ndi dzanja musanailize. Ikakana kuzungulira, imani muonenso taimingi.

Zoyenera kupewa

Musadule gasiketi pa chikatoni. Chikatoni sichipirira kutentha, ndiponso kukhuthala kwa gasiketi kumasintha mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya. Mukasowa yogula, dulani pa pepala lenileni la magasiketi lokhuthala mofanana ndi yakale. Musapakenso silikoni wambiri: wotsalayo amafinyikira m'kati, n'kukatseka njira za oyilo, hedi n'kuuma.

Ngati simunayambe mwatsegulapo injini, pitani kwa makaniko, koma mukhale pomwepo. Muone gasiketi yatsopano ili m'pepala lake, ndipo akupatseni yakale. Poti silinda yatuluka kale, muuzeni aonenso maling'i kuti musadzalipire ntchito imodzi kawiri.

Mukayenda masiku angapo, yang'ananinso patsinde pa silinda injini itazizira, ndipo muziyeza oyilo m'mawa uliwonse musananyamuke. Gasiketi ndi kanthu kotsika mtengo poyerekeza ndi pisitoni, silinda ndi tomato woolera m'dengu.