Malungo: kayezetseni kaye, ndipo mankhwala mumalize

Mvula ikagwa malungo amachuluka m'makwalala athu. Ambiri timati abwera ndi mango osapsa kapena kunyowa ndi mvula, koma ayi. Malungo amayamba ndi kachilombo kotchedwa Plasmodium, kamene kamalowa m'magazi munthu akalumidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Udzudzu umenewu umaluma usiku, ndipo umaswana m'madzi odekha: m'zithaphwi za kudimba, m'maenje oumbira njerwa, m'mphepete mwa Mudi ndi Nasolo.

Zizindikiro zake mukuzidziwa: thupi kutentha, kuzizidwa mpaka kunjenjemera, mutu, kuphwanya m'thupi, kusanza. Vuto n'lakuti matenda ena, monga taifodi ndi chibayo, amayambanso chonchi. N'chifukwa chake kugula mapiritsi pa okala popanda kuyezetsa n'kungoyerekeza. Pitani kuchipatala cha Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa. Amabaya pachala, kadontho kamodzi ka magazi, ndipo pamphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Kuchipatala cha boma n'kwaulere.

Akapezeka malungo, amapereka LA, amene boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 pomwe Fansidar anasiya kugwira bwino ntchito. Amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Mukamwa koyamba, mumwenso pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatirawo. Imwani mutadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka, kuti mankhwala alowe bwino. Mukapezako bwino tsiku lachiwiri musawasiye, musasungire wina. Tizilombo totsala timabweranso. Ngati ndi mwezi wa Ramadan, wodwala ali ndi chilolezo chomasula swaumu n'kudzabweza atachira.

Mwana akakomoka, akamagwedezeka, akakana bere, akamasanza chilichonse, kapena m'manja mwake mwayera mbuu, musadikire kuti kuche. Amenewo ndi malungo aakulu, ofunika jakisoni wa artesunate, ndipo akhoza kumutumiza ku Gulupu. Amayi oyembekezera aziyamba sikelo msanga kuti alandire Fansidar woteteza.

Chomaliza, alimi anzanga ndi asodzi: neti ya udzudzu si yophera usipa, si yotchingira nazale ya tomato. Ikulungeni pamphasa pamene pagona ana usiku uliwonse, ndipo maenje a madzi pafupi ndi nyumba muwakwirire.