Madera a m'malire: Fonte Boa, kumene nkhwangwa imaopa manda

Sabata ino tawolokera tsidya la Mozambique. Amene mumagula mbatatesi pa Lizulu mudadyapo kale za m'nthaka ya kuno, pakuti msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire mwenimweni: uku Malawi, uku Angónia. Fonte Boa ili kuseri kwa zitunda za m'malirewo, m'chigawo cha Tete, kufupi ndi tawuni ya Ulónguè. Eni dera ndi Angoni a kwa Maseko ndi Achewa, ndipo chinenero chawo n'chathu chomwechi.

Malowa adatchuka chifukwa cha mishoni imene ansembe a chipani cha Ajezuiti adatsegula mu 1945, atakhazikika kale ku Lifidzi. Dera lino lidaona zowawa. Pa 30 Okutobala 1985, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira adaphedwa ku Chapotera, ndipo m'zaka zomwezo midzi yambiri idathawira ku Malawi. Mtendere udabwera mu 1992, koma pa 6 Novembala 2006 achifwamba adalowa pamishoni ya Fonte Boa n'kupha Bambo Waldyr dos Santos a ku Brazil ndi Idalina Gomes, mayi wa ku Portugal amene adadzipereka kudzatumikira kuno.

Anthu amene adutsa m'zoterezi amasowa pokakhala phee n'kutula za mumtima. Ajezuiti amadziwa zimenezi: m'bindikiro umene Ignasio Woyera wa ku Loyola adawasiyira umatenga masiku 30, kapena 8 akaufupikitsa, munthu ali chete pamaso pa Mulungu. Koma pemphero lotere limafuna mthunzi, ndipo mthunzi ndi umene ukusowa ku Angónia. Nthaka ndi yachonde, mvula imagwa bwino, choncho khasu lafika mpaka m'mapiri. Zigafa za fodya zimafuna milimo, mauvuni a njerwa amafuna zipika, m'nyengo ya chisanu banja lililonse limafuna moto woti liothe. Sindingamuweruze mlimi pa zimenezi. Naye akusaka chakudya cha ana.

Komabe yang'anani bwino pakati pa minda. Paliponse pamene mwaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe katayima pakokha, dziwani kuti ndi manda. Palibe mpanda, palibe mlonda wa boma, koma munthu salowamo ndi nkhwangwa popanda mawu a nyakwawa. M'menemo mwagona makolo, ndipo m'midzi yovina Gule Wamkulu ndimo muli dambwe. Chimene chasunga mitengoyi ndi ulemu basi, ndipo m'menemo ndimo mwatsala mbalame, mankhwala azitsamba ndi mbewu za mitengo imene idatha kwina konse.

Kale mpingo ndi dambwe sizinkamwerana madzi. Pa nkhani ya mitengo ndikuona kuti akunena chimodzi: Papa Francisco, amenenso adali Mjezuiti, adalemba m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015 kuti kusamala chilengedwe ndi mbali ya chikhulupiriro, ndipo agogo athu ankachita zimenezo osalemba.

Pempho langa lipite kwa mafumu, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati mbali zonse ziwiri za malire. Lembani malire a manda anthu onse akuona, musiye mpata woti mphukira zikule m'mbali mwake, ndipo akasupe muwapatse ulemu womwewo. Mvula ikubwerayi, mphakati uliwonse usankhe malo amodzi oti usadzadulemo mtengo.