Zidzukulu za Machona ku Kadoma ndi Chegutu

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochoka ku Harare kumka ku Bulawayo, akafika pa Chegutu kapena pa Kadoma, mizinda imene kufikira 1982 inkatchedwa Hartley ndi Gatooma, angazizwe kumva ng'oma za kwathu zikulira m'komboni tsiku la maliro, pakuti kumeneko kuli mbumba ya anthu amene anamuka kukakumba golide ku Cam and Motor ndi ku Dalny, kukaomba nsalu ku David Whitehead, ndi kukalima m'mafamu a azungu. Ena anayenda pansi, ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ndipo amene sanabwerenso tinawatcha machona, dzina lokhala ndi chisoni ndi chitonzo pamodzi.

Pokhala alendo m'dziko la eni, opanda munda wa makolo ngakhale manda a mtundu wawo, iwo anakhazika dambwe m'mbali mwa migodi, kuti Kasiyamaliro aziperekeza akufa awo monga achitira ku Dedza ndi ku Kasungu. Anansi awo olankhula Chishona anatcha Gule Wamkulu ameneyu zvigure, natcha eni ake mabhurandaya, ngati kuti onse anachokera ku Blantyre. Lamulo la 2001 linalanda ambiri unzika, kufikira malamulo aakulu a 2013 anautsegulanso kwa obadwira komweko, naika Chichewa pakati pa zinenero 16 za dziko.

Gule wapulumuka ndithu, ndipo UNESCO inamlemekeza mu 2005. Koma chimene chindilasa mtima nchakuti chigoba chikhoza kukhala ndi moyo pamene mawu ake akufa. Mdzukulu wobadwira m'komboni ya Rimuka ku Kadoma, amene Chishona ndicho chinenero chake cha kusukulu ndi kumsika, angavine mpaka fumbi kuphimba bwalo, koma nyimbo imene idzudzula mkamwini waulesi kapena mfumu yaumbombo nkuiimba osamva mwambi wake. Ndipo agogo akati "padangokhala", ana oyankha "tilitonse" akucheperachepera.

A Lakota a ku America anaona zowawa zoposa izi. Mu 1879 ana awo anatengedwa ku Rosebud ndi ku Pine Ridge kumka ku sukulu ya Carlisle, kumene anawameta tsitsi nawaletsa chinenero cha amayi awo. Mtundu umenewu unkasunga mbiri pa chikopa cha njati, chaka chilichonse chithunzi chimodzi, koma chithunzicho chinali chikumbutso chabe, pakuti nkhani yeniyeni inali m'kamwa mwa wosunga chikopayo. Nchifukwa chake lero, pophunzitsa ana m'masukulu awo, amaitana nkhalamba kuti zilankhule zokha, podziwa chimene ifenso tidziwa, kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Sindikunena kuti za kudambwe zilowe m'kalasi. Zimenezo zili ndi eni ake, ndipo mwana wosavinidwa ayembekeze nthawi yake. Koma nthano za Kalulu, zilapi, chiyambi cha a Phiri ndi a Banda, ndi ulendo wa agogo kuoloka Zambezi, sizinabisidwepo kwa mwana aliyense. Mphunzitsi wa ku Rimuka kapena ku Pfupajena ku Chegutu, amene m'kaundula wake muli a Banda ndi a Mwale, safunika kudikira buku lochokera ku Harare, popeza mayi wokalamba amene anabwera ali namwali m'masiku a Chitaganya akadali moyo pa nyumba yoyandikana ndi sukulu, ndipo akaitanidwa mwaulemu, adzabwera.