Mawati amene safika pamlongoti

Gulu lililonse likaganiza zoika ripita paphiri, kaya ndi kampani yogula thonje, kaya ndi a zaumoyo amene akufuna kuti ambulansi izimvana ndi chipatala, funso loyamba limene amatifunsa ife a ntchito ya mawailesi ndi lakuti makinawo ndi a mawati angati. Ndalama zambiri zimapita ku bokosi lokhala m'kanyumba, zina ku mlongoti, ndipo nthambo yokwera ku eriyo imagulidwa pomalizira ndi tindalama totsala. Dongosolo limeneli n'lozondoka. Chimene chimalamula mtunda umene ripita ingafike ndi pamene mwakweza eriyo, kenako nthambo imene mwaika pakati pa eriyoyo ndi makina. Mawati amabwera pachitatu, ndipo ripita ikamavuta, kawirikawiri sakhala ndi mlandu.

Mzinda wa Chipata unakhala m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, pomwe mafunde a VHF, amene mawailesi a m'manja amayendera, amapita molunjika ndipo sakonda kukhota. Munthu amene ali pamsika wa Kapata ndi kawailesi ka mawati 5 sangamvane ndi mnzake amene watsikira ku Msoro kapena ali kuseri kwa mapiri a ku Vubwi. Ndiye chifukwa chake timaika ripita pamalo okwera monga phiri la Kanjala, kuti izimva mawu pa nambala imodzi ya mafunde n'kumawabwereza pa nambala ina nthawi yomweyo. Nambalazo munthu sadzisankhira, amapereka ndi a bungwe la ZICTA. Nyumba zoulutsira mawu monga Breeze FM ndi Radio Maria zili ndi makina a mtundu wina, ongolankhula osamvetsera, koma lamulo la phiri ndi nthambo limawagwira chimodzimodzi.

Za kukwera m'mwamba masamu ake ndi achidule. Pamalo athyathyathya, eriyo imene ili mamita 25 m'mwamba imaona dziko mpaka makilomita pafupifupi 20. Ikakwera mamita 100 imaona makilomita 40, ikakwera mamita 400 imaona makilomita 80. Kukwera kanayi kumakupatsani mtunda kawiri, pomwe kuwonjezera mawati kanayi sikuboola phiri limene latchinga pakati. Pali kamsampha kena kamene kamagwira anthu kuno: eriyo zazitali zija zolengezedwa kuti n'zamphamvu kwambiri zimaphwatalitsa mafunde n'kuwaponya kutali, motero ikakhala pansonga ya phiri ikhoza kulumpha tauni imene ili m'tsinde mwake. Kutali amamva bwino, a pafupi n'kumadandaula. Pamalo otere ndi bwino kusankha eriyo yapakatikati, kapena yopangidwa kuti iziweramitsa mafunde pang'ono.

Koma pamene ndikufuna kukhalitsa ndi panthambo. Nthambo ya coaxial ili ndi waya wa pakati, pulasitiki yomuzungulira, chitsulo chakunja chotchinga, ndi khungu lakuda. Mphamvu ikamayenda m'menemo, ina imasanduka kutentha n'kutayika. Kutayikako timakuyeza m'madesibelo, ndipo chokwanira kuti musunge ndi chakuti madesibelo 3 alionse amadya theka la mphamvu. Pa mafunde a 150 MHz, mamita 100 a RG-58, kanthambo kang'ono kaja kamene kamabwera ndi eriyo za pagalimoto, amadya madesibelo pafupifupi 20. RG-213 imadya pafupifupi 9, LMR-400 pafupifupi 5, pomwe heliax ya theka la inchi, imene kunja kwake ndi chubu cha mkuwa chokhala ndi mizere, sifika pa 3. Tsono tengani ripita ya mawati 50 ndi nthambo ya mamita 40. Ndi RG-58, pa eriyo pamafika mawati pafupifupi 8. Ndi RG-213 pamafika 22, ndi LMR-400 pamafika 31, ndi heliax pamafika 39. Makina ndi omwewo, mlongoti ndi womwewo. Amene anasankha UHF, cha pa 450 MHz, adziwe kuti madesibelo otayikawo amangotsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Apa wina amati, nanga osangogula makina a mawati 100 bwanji, kuti ngakhale ina itayike, yotsalayo ikwane? Zili ngati kupalasa njinga kuchokera ku Chiparamba ndi thumba la nshawa lobooka, ndiye pofika mumzinda n'kuganiza kuti mankhwala ake ndi kunyamula thumba lalikulu. Kuchoka pa mawati 50 kufika pa 100 kumawonjezera madesibelo 3 okha, pomwe kuchotsa RG-58 n'kuika heliax pa mamita 40 aja kumabweza pafupifupi 7. Chachikulu kuposa apo n'chakuti nthambo imadya mbali zonse ziwiri. Mawu a dalaivala wa ambulansi amene ali m'chigwa cha Luangwa ndi kawailesi ka m'manja amafika pa eriyo atafooka kale, mwina osakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a volti, ndipo potsika m'nthambo yoipa amadyedwanso madesibelo 8 amene RG-58 imadya pa mamita 40 aja. Mawati owonjezera amakuza pakamwa pokha, khutu salikhudza. Mumakhala ndi ripita imene aliyense akuimva koma iyo n'njogontha, ndipo imeneyi ndi yoopsa kuposa yosagwira ntchito, chifukwa dalaivala akumva bwinobwino akuofesi akumuitana, iye n'kumakhulupirira kuti nawonso amva kuti ali m'mavuto panjira. Kuwonjezera apo, mphamvu yochuluka imavutitsa duplexer, zitini zachitsulo zija zimene zimalekanitsa mawu otuluka ndi olowa pa eriyo imodzi, ndipo zikalephera makina amadzigonthetsa okha. Ndipo chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri, tonse tinaona kuti malo a paphiri amadalira sola ndi mabatire. Mawati owirikiza amafuna mabatire ambiri, onyamula pamutu kukwera nawo phiri.

Funso lina ndi la nthambo ya dishi, ija ya DStv yotchedwa RG-6, imene imapezeka m'sitolo iliyonse pamtengo wotsika. Amene amaifunsa sakulakwa kwenikweni, ndipo amisiri amene amangoikana popanda kufotokoza amawalakwira. Zoona zake n'zakuti RG-6 yabwino imataya mphamvu yochepa kuposa RG-58, ndipo kusiyana kwa maohm 75 ake ndi 50 amene mawailesi athu amafuna kumangobweza magawo 4 pa 100 alionse a mphamvu. Pa wailesi yongomvetsera kunyumba, ikani. Pa ripita vuto lili pena. Duplexer imachunidwa pa maohm 50, ndipo ikakumana ndi china kulekanitsa kwake kumachepa. Komanso nthambo zambiri za dishi waya wake wa pakati ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa, ndipo maukonde akunja ndi a aluminiyamu, opyapyala, osagwira mtovu woziira. Nyengo imodzi ya mvula imakwana kuti dzimbiri liyambe.

Ngakhale LMR-400, imene ndimaiyamikira pa wailesi ya muofesi kapena pachipatala cha kumudzi, sindiifuna pa ripita. M'kati mwake muli pepala la aluminiyamu logundana ndi maukonde a mkuwa. Mphepo ikamaigwedeza chaka ndi chaka, chinyezi n'kulowako pang'ono, zitsulo ziwirizo zimayamba kukhudzana mosakhazikika, ndipo mphamvu yotuluka ikamadutsa pamenepo imabala phokoso lothetheka. Pa wailesi wamba phokosolo silipweteka, poti polankhula simumvetsera. Ripita imalankhula ndi kumva nthawi imodzi, ndiye phokosolo limagwera m'khutu mwake momwe. Heliax ilibe maukonde oti n'kukhulana, ndi chubu chimodzi cha mkuwa. Pa tinthambo tifupitifupi tolumikiza makina ndi duplexer m'kanyumba timaika RG-214, ya maukonde awiri okutidwa siliva.

Ena amatsutsa ndi umboni wa mita. Amati tayeza SWR, singano sikugwedezeka, ndiye nthambo ili bwino. Mita imeneyi imayeza mphamvu yobwerera kuchokera kumtunda, siyeza imene yafika. Nthambo yodya madesibelo 8 popita imadyanso 8 pobwerera, motero ngakhale mutachotsa eriyo yonse n'kusiya nsonga ili pululu, mita ya pansi idzaonetsa pafupifupi 1.4, nambala imene ambiri amaiona ngati yabwino. Ndiye mukaona ripita imene SWR yake ikunka nikongola chaka ndi chaka pomwe anthu akudandaula kuti sikumvanso, kaikirani kuti madzi alowa m'nthambo.

Madziwo salowera pakhungu, amalowera polumikizira. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imatsetsereka pamlongoti n'kufika pamfundo ya pansi pa eriyo, ndipo cholumikizira cha PL-259 sichinapangidwe kuti chitseke madzi. Akalowa, maukonde amawakoka kutsika nawo mamita angapo. Mukasenda khungu mumapeza mkuwa uli bii, wina utabiriwira, ukufumbutuka m'zala. Chofunika ndi cholumikizira cha mtundu wa N, chokulungidwa ndi tepi ya labala yodzimata yokha, pamwamba pake tepi yakuda yopirira dzuwa, kukulunga kuchokera pansi kupita m'mwamba kuti mphepete zake zizitaya madzi. Nthambo isanalowe m'kanyumba iyambe yatsika pang'ono n'kukweranso, kuti madontho azigwera panja. Heliax imafuna ulemu poikweza: ikapindika mwamphamvu n'kuphwanyika, malo amenewo sawongokanso, ndipo iyenera kumangidwa ku mlongoti pafupifupi mita iliyonse kuti isadzikoke ndi kulemera kwake. Za mphenzi, chitsulo chakunja cha nthambo chimalumikizidwa ku mlongoti pamwamba, patsinde, ndi polowera m'kanyumba, ndipo zonse zimakumana pamalo amodzi opita m'nthaka. Pamapiri athu amiyala ndodo imodzi yamkuwa sikwana. Pamafunika malamba angapo oyalidwa m'dothi mbali zosiyanasiyana. Udzu wozungulira kanyumba ulambulidwe lupsa lisanayambe.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi mtengo. Heliax ndi yodula kangapo kuposa RG-213, imachokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg, zolumikizira zake n'zodulanso, ndipo mkuwa wake umakopa akuba. Zonsezi n'zoona. Yankho langa n'lakuti fupikitsani nthambo m'malo motsitsa mtundu wake. Paphiri lokwera kale mamita 300 pamwamba pa chigwa, kuwonjezera mamita 20 a mlongoti kumangowonjezera mtunda ndi magawo 3 pa 100, chifukwa phirilo lagwira kale ntchito yonse. Mlongoti wongokwanira kupitirira mitengo ndi eriyo za anzanu, kanyumba katsinde pake penipeni, ndi mamita 20 a heliax, zimaposa nsanja yaitali yodula yokhala ndi nthambo yotchipa. Pamalo athyathyathya ndi pamene kutalika kwa mlongoti kumabweza ndalama, ndipo pamenepo nthambo yaitali yabwino siithawika. Akuba amachepa mukalowetsa mamita oyambirira m'paipi yachitsulo, kumanga mpanda, ndi kukhala pansi ndi anyakwawa a mudzi wa m'tsinde mwa phiri kuti mlonda achokere konko.

Amene mumasaina mapangano a ntchito zoterezi simufunika kukwera mlongoti kuti mudziteteze. Papepala palembedwe dzina la nthambo, kutalika kwake, ndi madesibelo amene idzadye pa nambala ya mafunde anu. Tsiku lolandira ntchito, mmisiri ayeze mawati pamene akutuluka mu duplexer, ayezenso kumapeto kwa nthambo pansi pa eriyo, inu mukuona manambala onse awiri. Kenako munthu apite ndi kawailesi ka m'manja, osati ka pagalimoto, kumalo akutali kwambiri amene mukufuna kufikako, aitane, ripita imumve. Manambalawo alembedwe m'buku lokhala m'kanyumba momwemo, ndipo mu Meyi, mvula ikatha, ayezedwenso n'kuyerekeza ndi oyamba aja.